Kukonza msonkhano wa olemba kuno ku Mulanje popanda alawansi

Mukangolengeza kuti kukhala msonkhano wa anthu olemba, funso loyamba silikhala la zimene mukakambirane. Limakhala ili: "Kodi kuli kenakake?" Ena amazungulira, "Nanga za mayendedwe zili bwanji, achimwene?" Ena amangoti, "Wathandiza ndani?" Onsewa akufunsa za envelopu. Sindikuwadzudzula ayi. Zaka zonsezi mabungwe atizoloweretsa kuti munthu akakhala pa mpando tsiku lathunthu, madzulo amasaina pepala n'kulandira kangachepe. Koma ngati inu ndi anzanu mukufuna kusonkhanitsa alakatuli, olemba nthano, aphunzitsi a Chichewa, achinyamata amene amalemba za m'mudzi mwawo pa foni n'kuziponya pa Facebook, ndi agogo aja amene ali ndi makope odzaza nyimbo pansi pa matiresi, pamene m'thumba mwanu muli mbee, yankhani funsoli tsiku lomwelo mosapita m'mbali: alawansi kulibe, ndipo inuyo ndi amene mubwere ndi kenakake.

Ife tachita zimenezi kawiri, m'kalasi ya pulayimale ina chakufupi ndi Chitakale. Ulendo woyamba tinkatsanzira misonkhano ya m'mahotela ndipo tinatsala ndi ngongole. Ulendo wachiwiri tinatsanzira chinkhoswe ndi maliro, ndipo ndalama zinatsalako. Pa maliro palibe amene amasaina pepala, komabe anthu mazana amadya nsima, mipando imapezeka, nkhuni zimabwera, aliyense amadziwa ntchito yake. Nzeru imeneyo tili nayo kale. Zimene ndalemba apa ndi mmene mungaisamutsire ku msonkhano wa zolembalemba.

Yambani ndi anthu asanu

Musathamangire kulemba malamulo a bungwe kapena kusankha wapampando, wachiwiri wake ndi wachiwiri kwa wachiwiriyo. Pezani anthu asanu amene akati "ndibwera" amabweradi. Mmodzi asunge ndalama, ndipo akhale munthu amene anasungapo bokosi la banki m'khonde kapena thumba la kwaya osamveka mbiri. Wina aone za malo ndi mipando, wina za kukhitchini, wina aziitana anthu ndi kulemba mayina, wotsalayo akonze ndondomeko ya tsikulo. Pa asanuwa, awiri kapena atatu akhale amayi, ndipo musawakankhire kukhitchini kokha. Komiti yathu yoyamba inali ya amuna okhaokha, ndipo akazi amene anabwera anali owerengeka ndi dzanja limodzi. Chifukwa chake tinachimva pambuyo pake kwa mayi wina wophunzitsa sitandade 6: "Inu munaitana anzanu a pa bawo. Ife akanatiitana ndani?"

Muzikumana pakhonde pa mmodzi wa inu, kamodzi pa sabata. Masabata 8 akukwanirani.

Tsiku lake

Apa dekhani, chifukwa kalendala ya kuno si ya ku Lilongwe. Kuyambira Disembala mpaka Epulo ndi mvula, ndipo ndi nthawi imene tiyi amaphuka kwambiri. Wothyola masamba ku esiteti sangatule dengu kuti akamve ndakatulo, ngakhale iye mwini ali mlakatuli. Januwale ndi Febuluwale simungapemphe munthu mbale ya ufa, nkhokwe zili pululu. Komanso aliyense amene anaona zimene namondwe wa Freddy anachita m'tsinde mwa phiri lino mu Malichi 2023 sangakonze msonkhano wodalira milatho m'nyengo imeneyo.

Meyi, Juni ndi Julayi kuli chiperoni. Kalasi yopanda magalasi m'mawindo, kamvula kowaza kaja kakulowa cham'mbali, anthu amangoganiza za moto. Ndi miyezi ya mayeso a sitandade 8, JCE ndi MSCE, ndiye makalasi ndi aphunzitsi omwe amakhala ogwidwa. Okutobala kumatentha, ndipo maso a anthu ambiri amakhala ali ku Chonde, ku mwambo wa Mulhako wa Alhomwe. Simungapikisane ndi ng'oma za tchopa.

Ine ndimasankha Ogasiti. Sukulu zatsekera, misewu yauma, mitsinje yaphwa, nandolo wakhwima, ndipo amene wagulitsako thumba ali ndi kandalama ka minibasi.

Mwezi ukapezeka, patsala mutu wina waukulu: tsiku la sabata. Munthu wobwera amangoti Loweruka. Koma kuno, makamaka chaku Thyolo kumene mishoni ya Malamulo ku Makwasa yakhalako kuyambira 1902, a Seventh Day ndi ambiri, ndipo Loweruka ndi Sabata. Mukasankha Loweruka mwawatsekera kunja musanawaitane n'komwe. Lamulungu ndi la matchalitchi ena, Lachisanu masana abale athu achisilamu amakhala ku mzikiti. Pa holide, Lachitatu kapena Lachinayi limakomera aphunzitsi ndi ana asukulu, koma limapweteka ogwira ntchito m'maesiteti ndi m'maofesi. Tsiku lokomera onse kulibe. Lembani mayina a anthu 20 amene mukufunitsitsa kuti abwere, muwafunse mmodzimmodzi, musankhe tsiku lotaya anthu ochepa, ndipo chaka chamawa mudzasinthe kuti amene anatsala adzapezeke. Njira ina ndi holide ya boma yogwa pakati pa sabata, monga 1 Meyi kapena 14 Meyi, ngati mwalolera kuzizira. Onaninso tsiku la msika wa pafupi nanu. Lili ndi ubwino wakuti galimoto ndi kabaza zimachuluka, koma amayi ochita geni simudzawaona.

Malo

Iwalani za holo ya ku loji. Mtengo wa holo yokhayo ungadyetse anthu onse, ndipo ambiri mwa malo otere salola kubwera ndi chakudya chanuchanu. Pitani kwa ahedi a pulayimale, kapena kwa a PEA, alangizi a sukulu za pulayimale m'dera, mukapemphe holo ya ku TDC, malo okumanirapo aphunzitsi, kapena kwa abusa. Musatumize uthenga pa foni. Pitani ndi miyendo, awiri, mutanyamula kalata. Nenani kuti ndinu ndani, mubwera angati, mudzayamba ndi kuweruka nthawi yanji, ndipo lonjezani kusesa ndi kukolopa. Ahedi athu sanafune ndalama. Anati, "Aphunzitsi anga awiri a Chichewa alowe ulere, ndipo mukatisiyire bokosi la choko." Tinagwirana chanza.

Musanavomere, yang'anani izi ndi maso anu. Kodi pali zipinda zitatu, kapena ziwiri ndi mtengo wa mthunzi? Zimbudzi zili ndi zitseko? Mjigo kapena mpopi uli pataliko bwanji? Mabenchi ndi a ana a sitandade 1 kapena munthu wamkulu angakhalepo maola asanu? Woyenda pa njinga ya olumala angalowe? Ndipo malowo asatalikire msewu wa tala. Amene akuchokera ku Muloza ndi ku Limbuli, amene akutsika ku Likhubula, amene akubwera pa msewu wa Midima kudzera pa Nkando, onsewa azitsika minibasi n'kuyenda pansi mphindi zochepa, osawonjezanso ya kabaza. Ngati mukufuna kuphatikiza anthu a maboma awiri onse a Mulanje ndi Thyolo, Luchenza ndi pakatikati pabwino.

Za magetsi musadalire. Konzani zonse ngati kuti kulibe. Bolodi ndi choko zikwanira, pulojekita siyofunika. Anthu 40 m'kalasi amamvana popanda zokuzira mawu. Ngati pali wina ali ndi batire ya sola, abwere nayo yotchajira mafoni, basi.

Mukatero kaonekereni kwa amfumu a mudzi umene muli sukuluyo. Musapite chimanjamanja, ndipo musapite dzulo lake la msonkhano. Auzeni kuti kubwera alendo, si zandale, si mpingo watsopano. Kalata ina ipite ku polisi ya pafupi. Izi zimatenga m'mawa umodzi koma zimakupulumutsani ku mafunso ambiri.

Ndalama

Gulani kope la masamu la ana asukulu. Tsamba lakumanzere zolowa, lakumanja zotuluka. Chilichonse chilembedwe, ngakhale machesi. Amene walandira asaine, ndipo wina wa m'komiti asainenso. Kopeli ndilo msana wa msonkhano wonse, chifukwa chimene chimapha magulu athu si kusowa ndalama koma kunong'onezana kuti uje wadya.

Kenaka werengani chobwerera m'mbuyo. Musayambe ndi kulota zimene mukufuna n'kumasaka ndalama. Yambani ndi zimene munthu wa pakati pathu angathe kupereka osagona ndi njala, muchulukitse ndi anthu amene chipinda chingalandire. Mwachitsanzo, anthu 40 aliyense K3,000 ndi K120,000. Msonkhano wanu ndi wa K120,000, osapitirira. Nambalayi muisinthe malinga ndi nyengo, poti chigwereni kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023 mtengo wa shuga ndi mafuta ophikira sukhala malo amodzi. Pitani ku msika mukafunse mitengo sabata imene mukulemba bajeti, mudzapitenso sabata yomaliza. Gawo lalikulu lipite ku chakudya, kagawo kena ku mapepala, zolembera ndi sopo, ndipo limodzi mwa magawo khumi mulibise. Lidzafunika, sindikudziwa pa chiyani, koma lidzafunika.

Tsono apa pali chinsinsi chimene chinatisinthira zinthu. Amene alibe ndalama alipire ndi katundu. Mbale ziwiri za ufa, mtolo wa nkhuni, lichero la nandolo, zinanazi zitatu, mkoko wa nthochi, kapena ntchito: kutunga madzi, kunyamula mabenchi. Gwirizanani mtengo wa chilichonse ndipo mulembe m'kope mofanana ndi ndalama. Pakhomo pasakhale mizere iwiri, wa olipira ndalama ndi wa obweretsa nkhuni. Onse alipira. Mnyamata wina anatibweretsera nkhuni pa njinga kuchokera kutali ndithu, ndipo masana ndiye anawerenga nkhani imene anthu akuikambabe.

Olipira pa Airtel Money kapena TNM Mpamba auzeni awonjezere yotapira, apo ayi msungichuma adzadabwa kuti K120,000 ija yaperewera popanda wakuba. Ndipo tsekani kulembetsa masiku 5 tsiku lisanafike. Ophika ayenera kudziwa mitu imene akuphikira.

Ndalama ya mayendedwe musabweze kwa aliyense. Mukangoyamba, yasanduka alawansi ya dzina lina. Koma ikani kathumba kapadera ka anthu atatu kapena anayi ochokera kutali kwenikweni, monga ku Thekerani, ndipo amene ali ndi zochulukirapo, monga anzathu a ku Blantyre ndi ku Joni amene amakonda kufunsa kuti "tithandize bwanji", alipirire anthu amenewa. Wofuna kugona agone kwa mmodzi wa inu. Mphasa ndi bulangete sizisowa.

Othandiza mungawapemphe, koma pemphani katundu, osati cheke. Wagolosale apereke shuga. Wa makina a fotokope pa boma akusindikizireni mapepala 50. Ku esiteti lembani kalata kudakali nthawi yopempha masamba a tiyi, poti n'zomvetsa chisoni kugula tiyi wodula titakhala pakati pa minda yake. Athokozeni pakamwa ndi pa bolodi. Chimene simuyenera kugulitsa ndi nthawi. Wopereka shuga sagula ola lolankhula. Ndipo nsalu, malaya ndi zipewa za chipani chilichonse zitsale kunyumba. Kuno ndale zimayaka msanga ngati udzu wa mu Okutobala, ndipo mukangolandira thumba la mpunga kwa wofuna mpando, theka la anthu anu silidzabweranso.

Kuitana

Gulu la WhatsApp ndi lothandiza, koma limangofikira amene ali ndi foni yaikulu ndi bandulo. Lembani zikalata zinayi kapena zisanu ndi dzanja muzikhome pa msika, pa chipatala, pa TDC ndi pa depoti. Pemphani kuti alengeze m'matchalitchi ndi ku mzikiti. Pitani ku wayilesi ya m'dera, ngati Mzati, mukafunse ngati angakuyikeni m'pulogalamu ya ndakatulo kapena ya achinyamata. Kucheza nanu pa wayilesi sikufanana ndi kulipira malonda. Koma njira imene imagwira kuposa zonse ndi iyi: aliyense wolembetsa abwere ndi munthu mmodzi amene amalemba koma sanawerengepo pagulu. Pa chikalata chilichonse mawu awa aoneke akuluakulu: palibe alawansi, palibe satifiketi, nsima ilipo.

Chakudya

Musatengere za mabokosi a tchipisi ndi nkhuku. M'mawa tiyi ndi mbatata kapena chinangwa chophika. Masana nsima, nandolo kapena nyemba, ndi masamba. Kanyama kakapezeka ndi mwayi, koma kasakhale ka nkhumba, ndipo ngati pali asilamu, mbuzi kapena nkhuku achinje mmodzi wa iwo. Chinanazi chodulidwa chikhale chotsukira m'kamwa, ndipo ndowa ya thobwa imaposa makireti a zakumwa za m'botolo pa mtengo ndi pa kukhutitsa pomwe. Ena adzati tiphike kalongonda kuti alendo alawe za kwathu. Lolani pokhapokha ngati pali anganga odziwa kumuphika amene ayambe dzulo lake, chifukwa kalongonda wosapsa bwino angagoneke msonkhano wonse pansi.

Ophika ndi anthu, si mapoto. Ngati ndi amayi a m'mudzimo, gwirizanani malipiro poyambirira ndipo muwalipire tsiku lomwelo. Ngati ndi ena mwa olemba, sinthanani kuti wina asathere tsiku lonse mu utsi anzake akuwerenga ndakatulo. Amuna atsuke mbale. Aliyense abwere ndi mbale, kapu ndi supuni yake.

Pakhomo pa kalasi ndi pa chimbudzi pakhale ndowa ya mpopi ndi sopo, ndipo madzi akumwa muthire mankhwala. Kolera wa 2022 ndi 2023 sitinamuiwale.

Mlendo wolemekezeka

Musakhale naye. Ulendo woyamba tinaitana bwana wina wa ku ofesi kuti adzatsegulire. Tinakhala maola awiri tikuyang'ana ku msewu, tiyi anazizira, ndipo atafika analankhula mphindi 40 za zinthu zosakhudza kulemba, n'kunyamuka asanamve ndakatulo ngakhale imodzi. Amfumu akabwera alandireni mwaulemu wake, apatseni mpando wabwino, alankhule mawu ochepa olandira alendo m'mudzi mwawo, chifukwa malo ndi awo. Wina aliyense, kaya ndi mphunzitsi wa ku yunivesite ya MUST ku Ndata, kaya ndi mtolankhani wodziwika, alipire ngati anzake, akhale pa benchi, adye nandolo. Odziwa zinthu enieni sakana zimenezi. Amene amakana, mwapulumuka.

Tsikulo

Komiti ifike 6 koloko. Tiyi akhale atapsa pofika 8. Yambani 9 koloko ngakhale mutakhala anthu 12 okha. Mukadikira ochedwa chaka chino, chaka chamawa onse adzachedwa.

Pemphero lalifupi, kenaka kudziwana. Aliyense anene zinthu zitatu zokha: dzina, kumene wachokera, chimene amalemba. Woyamba akhale wa m'komiti kuti aonetse kufupika kwake, chifukwa woyamba akangoyamba mbiri ya sukulu zimene anaphunzira, onse 40 adzatero ndipo dzuwa lidzafika paliwombo.

Tsono bwerani pa bolodi. Jambulani mabokosi 9: zipinda zitatu, nthawi zitatu, iliyonse mphindi 45. Mabokosiwa akhale opanda kanthu. Uzani anthu kuti aliyense amene ali ndi funso lomuvuta kapena luso lofuna kugawana atenge choko alembe. Poyamba kudzakhala zii. Anthu adzayang'anana, ena adzayang'ana pansi, poti tinazolowera kuti pulogalamu imabwera yotayipa kale kuchokera kwa eni ake. Choncho konzekeranitu anthu atatu amene adzadzuke msanga, mmodzi akhale mtsikana wamng'ono, ndipo mitu yawo ikhale yosaopsa: "Ndimayamba nkhani koma sindimaliza", "Ndingajambule bwanji mawu a agogo pa foni", "Kodi ndakatulo iyenera kukhala ndi mawu ofanana kumapeto?" Anthu akaona kuti funso wamba likuloledwa, choko chidzayamba kulimbiranidwa. Mitu ikapitirira 9, phatikizani yofanana, yotsalayo muvotere. Ife timapatsa aliyense njere zitatu za nandolo kuti aponye m'makapu oikidwa pansi pa mitu. Palibe amene amaona kuti waponyera ndani, ndiye palibe wokhumudwa.

Wolemba mutu ndiye atsogolere, koma asaphunzitse. Alankhule mphindi 10, zotsalazo ndi za onse. Mabenchi muwazungulize, asayang'ane kutsogolo ngati kalasi. M'chipinda chilichonse wina alembe mfundo zikuluzikulu pa pepala limodzi.

Pali lamulo lina limene liyenera kunenedwa mokweza, chifukwa kwathu kuno kutuluka wina akulankhula ndi mwano. Nenani kuti lero lokha, amene waona kuti m'chipinda muno sakupindula ali ndi ufulu wodzuka mwakachetechete kupita chipinda china, ndipo wolankhula asadandaule. Wa m'komiti mmodzi achite zimenezi poyera m'gawo loyamba kuti ena alimbe mtima.

Belu musapatse mnyamata. Bambo wachikulire akayamba kufotokoza mmene ankalembera makalata ku wayilesi m'zaka za m'ma 1970, mwana wa fomu 3 sangamudule. Perekani belu kwa mayi wamkulu, makamaka mphunzitsi wopuma, amene angathe kunena akumwetulira kuti, "Bambo, nthawi yatha, zotsalazo mutiuza pa nsima," ndipo bamboyo n'kukhala pansi akuseka.

Chilankhulo chikhale Chichewa. Wofuna kuwerenga m'Chilomwe, m'Chiyao kapena m'Chingerezi awerenge, wina amasulire mwachidule. Muonetsetse kuti Chingerezi chisalande bwalo, chifukwa awiri akangoyamba kuponyerana, agogo aja a makope amatseka pakamwa mpaka madzulo.

Nsima ikatha, onse abwerere m'chipinda chimodzi kudzawerenga. Aliyense mphindi zitatu. Apa ndi pamene pagona msonkhano, ndiye musapadule chifukwa choti m'mawa munachedwa. Womvera asanene kuti "zili bwino" kapena "mwayesetsa". Anene mzere umodzi umene wamukhala m'mutu, ndi funso limodzi. Kuwomba m'manja kokha sikunakonzepo ndakatulo ya munthu, komanso kunyoza kwa odziyesa akatswiri kwasiyitsa ambiri kulemba. Oyamba kumene awerenge poyamba, otchuka kumapeto.

Tsekani 3 koloko ndi theka. Mu Ogasiti dzuwa silichedwa kulowa, ndipo mtsikana wopita ku Muloza ayenera kufika kwawo kukuwala. Mukapanda kusamala izi makolo ake sadzamulolanso.

Mitu imene simuyenera kuisiya ku mwayi

Ngakhale bolodi ndi la onse, mabokosi awiri musungiretu. Loyamba ndi la malamulo. Achinyamata ambiri akulemba za anthu enieni pa foni osadziwa kuti kuli lamulo la 2016 la Electronic Transactions and Cyber Security Act, limene lamangitsapo anthu chifukwa cha zolemba zawo. Sadziwanso kuti lamulo lopatsa nzika ufulu wopempha uthenga ku maofesi a boma linayamba kugwira ntchito mu Seputembala 2020, kapena kuti za umwini wa zolemba amayang'anira ndi a COSOMA. Pezani mtolankhani kapena wodziwa zamalamulo wa pafupi adzafotokoze m'Chichewa chomveka. Pomwepo mukambirane za kujambula ana, odwala ndi maliro popanda chilolezo, khalidwe limene lafala moipa.

Lachiwiri ndi la kalembedwe. Mkangano wa "mau" ndi "mawu", wa "l" ndi "r", wa pamene mawu alumikizidwe kapena alekanitsidwe, ungathe tsiku lonse, ndiye upatseni mphindi 45 zake ndipo mphunzitsi wa Chichewa abwere ndi malamulo a kalembedwe amene a Centre for Language Studies ku Zomba amatsata. Olemba Chilomwe nawonso ali ndi mafunso awo, ndipo ambiri a ife timachimva koma kuchilemba timachita mantha.

Ndikanakonda bokosi lachitatu, koma ili ndi dyera langa. Timalemba kwambiri za chikondi cha m'tauni pamene nkhani zatizungulira. Thangata anathetsedwa mu 1962, ndipo amene anamulima ndi manja awo akutha mmodzimmodzi osafunsidwa. Napolo wa ku Phalombe wa 1991 ali m'mitu ya anthu, osati pa pepala. Mkungudza watha m'phiri tikuona. Nthochi za ku Thyolo zinapita ndi chisaka, ndipo mabanja amene ankaphunzitsa ana ndi nthochizo ali ndi zonena. Mu 2025 phiri la Mulanje linalowa m'kaundula wa UNESCO wa malo ofunika padziko lonse, ndipo alendo adzalemba za Sapitwa ndi Dziwe la Nkhalamba m'zilankhulo zawo. Za mizimu ya m'phirimo, za mbale za nsima zimene akuluakulu amati munthu ankazipeza panjira n'kudya osaitana mnzake, adzalemba ndani m'Chichewa?

Zikavuta

Maliro sapangana. Akagwa m'mudzi umene muli sukuluyo, simungaimbe belu ndi kuwomba m'manja anthu akulira kuseri kwa mpanda. Pitani kwa amfumu m'mamawa ndi chipepeso, mumve mawu awo. Nthawi zina adzati pitirizani mwakachetechete, nthawi zina ayi. Choncho khalani ndi malo achiwiri m'mudzi wina amene munawapempha kale, ndipo nambala za onse olembetsa zikhale ndi anthu awiri, osati mmodzi. Ndalama munabisa ija, apa ndi pamene imatuluka.

Akabwera anthu oposa amene analembetsa, musawabweze. Alipire pakhomo, ophika awonjezere madzi m'nandolo. Akabwera ochepa, phatikizani zipinda ziwiri mupitirize. Anthu 15 ofuna kulemba amaposa 60 odikira envelopu.

Mawa lake

Bwezani mabenchi mmene munawapezera, kolopani, tsukani zimbudzi, kaperekeni choko chija kwa ahedi ndi manja awiri. Mapoto obwereka abwerere tsiku lomwelo ali oyera, ndipo mwini wake apezemo kachinanazi. Pitaninso kwa amfumu kukatsanzika.

Sabata isanathe, msungichuma ajambule masamba onse a kope lija atumize kwa aliyense amene anabwera, ndipo pepala lina likhomedwe pomwe munakhoma zoitanira. Zolowa zakuti, zotuluka zakuti, zotsala zakuti, zili kwa uje. Mapepala a mfundo a m'zipinda aja, pamodzi ndi ndakatulo ndi nkhani zimene eni ake alola, muwatayipe, muchite fotokope, mumange ndi sitepula. Kabuku ka masamba 20 kotere kamayenda m'manja mwa anthu chaka chathunthu. Kamodzi kasiyeni ku sukulu imene inakusungani.

Pomaliza pa msonkhano mukhale mutafunsa kale kuti chaka chamawa akonza ndani. Awiri mwa asanu aja atsike, alowe atsopano, ndipo malo asinthe. Ife chaka chino tapereka kope kwa anzathu a ku Luchenza. Kumapeto kwake tinawonjezera tsamba la amene anatibwereka mapoto, amene amayankha foni usiku, ndi muyezo wa ufa umene unakwanira anthu 43, kuphatikizapo ana awiri a ophika ndi mlonda wa pasukulu.